Carl Alberg, mkulu amene anatsegulira anthu wamba nyanja

Kale ku America, bwato la matanga loyendera nyanja yamchere linali la anthu a chikwama cholemera okhaokha. Linkakhomedwa ndi matabwa, ndipo chaka ndi chaka mwini wake ankataya ndalama pomata ming'alu ndi kupenta. Mmodzi mwa anthu amene anasintha zimenezi ndi bambo Carl Alberg.

Alberg anabadwira mumzinda wa Gothenburg ku Sweden, komwenso anaphunzira luso lojambula mapulani a mabwato. Mu 1925 anasamukira ku Massachusetts, m'dziko la America. Anayamba ndi ntchito ya manja, yomanga zingwe ndi milongoti, mpaka katswiri wina, John Alden, anamulemba ntchito yojambula.

Mwayi wake weniweni unabwera atakula kale. Clinton ndi Everett Pearson, anyamata a pachibale omwe ankapanga timabwato ta fiberglass ku Rhode Island, anafuna bwato lalikulupo loti banja nkugonamo. Ubwino wa fiberglass ndi woti suwola, komanso chikombole chimodzi chimaumba mabwato ambirimbiri ofanana, choncho mtengo umatsika. Alberg anawajambulira Triton, la mamita oposa 8 mulitali.

Mu Januwale 1959 analionetsa pa chionetsero cha mabwato ku New York, pa mtengo wosafika madola 10,000. Pomwe chionetserocho chimatha, anthu 17 anali atalembetsa kale kuti agula. Onse pamodzi anapangidwa oposa 700.

Mkuluyu anali wa nkhutukumve pa ntchito yake. Mabwato ake anali opapatiza, okhala ndi msana wautali wolemera kunsi kwake kuti mafunde asawagubuduze. Anzake atayamba kujambula otakata, okhala ndi zipinda ngati nyumba, iye sanasunthike. Kunena zoona, mkati mwa bwato la Alberg ndi mopanikiza, komanso silithamanga mphepo ikachepa. Koma namondwe akabuka, eni ake sadandaula. Yves Gélinas wa ku Canada anazungulira dziko lapansi yekhayekha pakati pa 1981 ndi 1983 pa Alberg 30.

Zaka zake zomaliza ankajambulira kampani ya Cape Dory, yomwe inkagwirizana ndi maganizo akewo. Anamwalira mu 1986.

Sanaone kugwa kwa makampaniwa. Malonda atavuta, Pearson Yachts inatsekedwa mu 1991, ndipo Cape Dory nayo inasiya kupanga mabwato m'zaka zomwezo. China chomwe chinawapweteka ndi choti mabwato awo akale sankatha, moti ogula ambiri ankangosaka a kaunjika.