Joseph Beuys: mmisiri amene adaunjika miyala kuti mzinda udzale mitengo

M'chaka cha 1982, malole adatula miyala 7,000 pabwalo la Friedrichsplatz, pakati penipeni pa mzinda wa Kassel ku Germany. Idali miyala yakuda ya basalt, uliwonse wotalika kupitirira mita imodzi. Mwini muluwo adali Joseph Beuys, mmisiri wa zosemasema, ndipo adaika lamulo limodzi lokha: mwala uzichoka pabwalopo pokhapokha mtengo wadzalidwa penapake mumzindawo, ndipo mwalawo uzikaimikidwa pambali pa mtengowo.

Beuys adabadwa pa 12 May 1921 ku Krefeld, nakulira ku Kleve, kufupi ndi malire a dziko la Netherlands. Ali mnyamata ankakonda kutolera zomera ndi tizilombo. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adali m'gulu la asilikali a m'ndege a Germany, ndipo mu March 1944 ndege yomwe adakwera idagwa ku Crimea. Woyendetsa adafera pomwepo, iye adapulumuka.

Nkhondo itatha adaphunzira zosemasema pasukulu ya zaluso ya ku Düsseldorf, ndipo mu 1961 adakhala mphunzitsi wamkulu pasukulu yomweyo. Ankaphunzitsa kuti luso lili mwa munthu aliyense, ndi kuti kuumba kwa mmisiri sikuthera pa dongo kapena chitsulo, koma kumafika pa kukonza momwe anthu amakhalira limodzi. Maganizo amenewa adamuchotsetsa ntchito mu 1972, atakakamira kulandira ophunzira omwe sukuluyo idawakana.

Chomwe chinkamudetsa nkhawa kwambiri chidali kutalikirana kwa munthu wa m'tauni ndi chilengedwe. Mu 1974 adapita ku New York, komwe adakhala masiku atatu m'chipinda cha zionetsero pamodzi ndi coyote, nyama ya m'tchire yofanana ndi nkhandwe. Mu 1980 adali m'gulu la omwe adayambitsa chipani cha Green ku Germany.

Mzinda wa Kassel udali woyenera phunziro lake. Mabomba a mu October 1943 adaphwasula pakati pa mzindawo, ndipo poumanganso akuluakulu adaika mtima pa misewu ikuluikulu ya magalimoto. Atamuitana ku Documenta, chionetsero cha zaluso chomwe chimachitika kumeneko zaka zisanu zilizonse, Beuys sadabweretse chosema choti chiikidwe m'nyumba. Adadzala mtengo woyamba pa 16 March 1982, natcha ntchito yonseyo Mitengo ya Oak 7,000, ngakhale kuti pambuyo pake padadzalidwanso mitengo ya mitundu ina.

Anthu ambiri sadakondwe nazo. Ena adati muluwo ukunyansitsa bwalo lolemekezeka, ena adadandaula kuti mitengo idzawalanda malo oimikapo magalimoto ndi kuyoyolera masamba m'misewu. Koma lamulo la Beuys lidawapanikiza: wodana ndi miyala adalibe njira ina yoichotsera koma kulola mtengo. Kuchepa kwa muluwo ndiko kunkaonetsa kuti mzinda wadzala mitengo ingati.

Ndalama nazo zidavuta. Mtengo umodzi ndi mwala wake zinkadya ndalama za Germany zokwana 500 marks, ndipo opereka sadachuluke monga ankayembekezera. Beuys adasungunula chisoti chagolide chopangidwa motengera cha mfumu ya ku Russia, Ivan the Terrible, naumba nacho kalulu yemwe adagulitsidwa kuti ntchito ipitirire. Adalolanso kuonekera pa malonda otsatsa mowa wa whisky ku Japan.

Mapeto a ntchitoyi sadawaone. Adamwalira ku Düsseldorf pa 23 January 1986 ali ndi zaka 64, mitengo pafupifupi 5,500 itadzalidwa. Mwana wake Wenzel ndiye adadzala mtengo womaliza mu June 1987, pafupi ndi woyamba uja.

Poyamba miyala ndiyo inkaoneka yamphamvu pambali pa timitengo tonyozeka. Beuys adadziwa kuti zimenezi zidzatembenuka, popeza mwala sukula. Lero mitengoyo idatalika kwambiri, ndipo anthu a ku Kassel amadikira basi, kuyenda ndi kuimika magalimoto awo pansi pa mthunzi wake, miyala ija ili chiimire patsinde.