Thales wa ku Miletus

Thales anabadwa ca m'ma 624 Khristu asanabadwe, mu mzinda wa Miletus, m'dziko limene lero ndi Turkey. Agiriki anamuwerengera pakati pa anthu awo anzeru asanu ndi awiri. Iye sanasiye buku limene tingawerenge lero. Mbiri yake timaimva kwa olemba amene anadza pambuyo pake.

Herodotus analemba kuti Thales ananeneratu za kadamsana amene anacitika anthu a ku Lydia ali pankhondo ndi Amedi. Mdima utagwa usana, magulu awiriwo anatula zida napangana za mtendere. Akatswiri a zakuthambo amaika kadamsanayo pa 28 May, 585 Khristu asanabadwe. Aristotle naye anasimba kuti anthu atamunyoza Thales cifukwa ca umphawi, iye anaoneratu kuti maolivi adzabala kwambiri, nabwereka zofinyira mafuta zonse pamtengo wocepa. Nyengo yokolola itafika, anapeza cuma cambiri.

Koma cimene cimam'kumbutsa kwa ana a sukulu ndi thirayango, cinthu ca mbali zitatu ndi ngondya zitatu. Proclus, amene anakhalako zaka pafupifupi 1,000 pambuyo pake, anati Thales ndiye anayamba kunena kuti pamene mbali ziwiri za thirayango zili zofanana, ngondya ziwiri za patsinde nazonso zimalingana. Amisiri a ku Mwami amacidziwa ici ndi maso: mapaso awiri ofanana akakumana pamwamba pa denga, amapendeka mofanana pamtanda. Thales anacisandutsa lamulo logwira pa thirayango aliyense wotere, wamkulu kapena wamng'ono. Lamulo lomwelo limatiuza kuti mbali zonse zitatu zikafanana, ngondya zonse zimalingana. Ndipo popeza pamodzi zimakwana madigiri 180, iliyonse ndi madigiri 60. Ca m'ma 300 Khristu asanabadwe, Euclid wa ku Alexandria anaika umboni wa lamuloli pa mfundo yacisanu ya buku loyamba la Elements.

Diogenes Laertius anasimba kuti Thales ali ku Egypt anayeza msinkhu wa mapiramidi osakwerapo. Anadikira nthawi imene cithunzithunzi ca munthu cimalingana ndi msinkhu wake. Pa nthawiyo cinthu ciliconse coimirira cimapanga ndi cithunzithunzi cake thirayango wa mbali ziwiri zofanana, kotero kuti woyeza pansi wayezanso m'mwamba. Mwana wa sukulu ku Cipata angathe kuyeza mtengo wa bulugamu mwa njira yomweyi, ali ndi ndodo ndi cingwe cabe.

Thales anaphunzitsanso kuti zinthu zonse zinacokera ku madzi. Pamenepa anaphonya, koma anatsegula njira yofunafuna zifukwa m'cilengedwe momwemo. Anamwalira ca m'ma 546 Khristu asanabadwe, atafooka ndi kutentha ndi ludzu pamene anali kuonerera masewera. Anatisiyira mwambo wakuti cimene maso aona, nzeru ifunse cifukwa cake.