Konosuke Matsushita: Matenda Adamuphunzitsa Kukhulupirira Antchito

Wailesi ndi mabatire olembedwa dzina loti National kapena Panasonic zafika m'nyumba zambiri, koma ndi ochepa amene amadziŵa kuti mwini wake adayamba ndi anthu aŵiri okha.

Konosuke Matsushita adabadwa pa 27 November 1894 m'dera la Wakayama ku Japan, ndipo anali mzime m'banja la ana asanu ndi atatu. Bambo ake atataya chuma pa malonda a mpunga, mwanayo adasiya sukulu ali ndi zaka 9 napita ku Osaka, kumene adagwira ntchito m'sitolo ya njinga, kenaka pa kampani ya magetsi. M'chaka cha 1918 adayamba kupanga mapulagi a magetsi m'nyumba ya lendi, mothandizidwa ndi mkazi wake, Mumeno, ndi mlamu wake, Toshio Iue.

Masiku amenewo, kasakanizidwe ka phula ndi zinthu zina zoumbira mapulagi kanali chinsinsi chimene eni mafakitale ankauza abale okhaokha. Matsushita ankaphunzitsa chinsinsicho ngakhale kwa wantchito watsopano. Anzake adamuchenjeza kuti adzaberedwa nzeru, koma iye adaona kuti munthu wokayikiridwa amagwira ntchito ndi manja okha, pamene wokhulupiriridwa amaikapo ndi mtima womwe.

Chidamukankhiranso m'njira imeneyi ndi thanzi lake. Mapapo ake anali ofooka, ndipo makolo ndi abale ake onse adamwalira iye asanakwanitse zaka 30. Kaŵirikaŵiri ankakhala chigonere, motero sakanatha kuyang'anira yekha makina, ndalama ndi ogula. Pamene mwini malonda wathanzi amanyengeka kuti angathe kusenza denga yekha, Matsushita adakakamizika kugaŵira ena mtolo, ndipo adapeza kuti ena ankausenza bwino kuposa iye.

Chikhulupirirocho chidayesedwa kumapeto kwa 1929, malonda atagwa pa dziko lonse. Katundu adadzaza nyumba zosungiramo, ndipo akuluakulu a kampani adafika pamene adagona ndi maganizo ochotsa theka la antchito. Iye adakana. Adalamula kuti fakitale izigwira ntchito theka la tsiku, malipiro asadulidwe, koma aliyense athandize kugulitsa katundu wotsalayo. Patangopita miyezi iŵiri katunduyo adatha, makina nayambanso kulira tsiku lonse.

M'chaka cha 1933 adagaŵa kampaniyo m'nthambi zitatu: ya wailesi, ya nyali ndi mabatire, ndi ya zipangizo za mawaya pamodzi ndi zotenthetsera. Mkulu wa nthambi iliyonse adapatsidwa mphamvu zopanga ndi kugulitsa monga mwini wake, komanso ankayenera kuonetsa poyera phindu kapena kutayika kwa ndalama. Ufulu ndi udindo zidayendera pamodzi, ndipo nthambizo zidasanduka sukulu yosulira atsogoleri.

Komabe kusiyira ena ntchito sikudatanthauze kutseka maso. Matsushita adatula pansi upulezidenti wa kampaniyo mu 1961, koma mu 1964, ogulitsa katundu wake ambiri ataloŵa m'mavuto a ndalama, adakumana nawo kwa masiku atatu ku Atami. Atamva madandaulo awo adavomera kuti kampani yake idalakwa, natenga yekha utsogoleri wa zamalonda kwa kanthaŵi mpaka zinthu zitakonzeka. Kenaka adabwezanso udindowo kwa ena. Mu 1977 upulezidenti udapatsidwa kwa Toshihiko Yamashita, amene sanali wachibale ndiponso anali pafupi ndi pansi penipeni pa mndandanda wa akuluakulu a kampaniyo.

Matsushita adamwalira pa 27 April 1989 ali ndi zaka 94, ndipo mu 2008 kampani yake idatenga dzina loti Panasonic. Mnyamata kapena mtsikana woyamba kagolosale kapena malo osokera adzafika tsiku limene manja ake aŵiri sadzakwanira. Pa tsikulo adzayenera kusankha pakati pa kusunga makiyi onse m'thumba, malonda nakhala aang'ono, ndi kuphunzitsa wina, kumupatsa kiyi, ndi kumaŵerengera naye mabuku.