Cândido de Oliveira: mwana wamasiye amene adaphunzitsa Portugal mpira

Tikamatchula aphunzitsi a mpira ochokera ku Portugal, ambirife timathamangira kwa José Mourinho, Fernando Santos kapena Rúben Amorim, chifukwa ndi amene timawaona pa kanema. Koma chaka chilichonse, ligi ya dzikolo isanayambe, timu imene idatenga ligi imakumana ndi imene idatenga chikho pa masewero otchedwa Supertaça Cândido de Oliveira. Mwini dzinali adamwalira mu 1958. Adali wosewera, mphunzitsi wa timu, mtolankhani, wogwira ntchito ku positi ofesi, komanso mkaidi wa ndale. Anzake ndi ophunzira ake ankamutchula kuti Mestre Cândido, ndipo mawu oti mestre m'Chipwitikizi amanena mphunzitsi wodziwadi ntchito yake.

Cândido adabadwa pa 24 Sepitembala 1896 m'tauni yaing'ono ya Fronteira, m'chigawo cha Alentejo, dera la minda ya tirigu ndi anthu osauka. Umasiye udamupeza akadali wamng'ono, ndipo mu 1905 adalowa ku Casa Pia ya ku Lisbon, sukulu yogonera konko imene idakhazikitsidwa mu 1780 kuti izilera ndi kuphunzitsa ana amasiye. Ku Casa Pia mwana ankapatsidwa chakudya, pogona, maphunziro ndi ntchito yoti adzadyere m'tsogolo. Kudalinso bwalo la mpira, ndipo sukuluyi idali imodzi mwa malo amene masewerowa adamera mizu msanga ku Portugal. Zonse zimene Cândido adadzakhala nazo pambuyo pake, luso la mpira, luso lolemba ndi ntchito ya ku positi ofesi, zidayambira pamenepa.

Kuchokera mu 1914 mpaka 1920 adasewerera Benfica, pakati pa bwalo. Mu 1920 iye ndi anzake ophunzira ku Casa Pia adaganiza zoti ana a sukulu yawo asamangomwazikana m'matimu a eni, choncho adayambitsa timu yawoyawo, Casa Pia Atlético Clube. M'chaka chake choyamba chomwecho timuyi idatenga ukatswiri wa mzinda wa Lisbon. Pa 18 Disembala 1921 timu ya dziko la Portugal idasewera kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake, ku Madrid, ndipo idagonja kwa Spain ndi zigoli 3 kwa 1. Kaputeni tsiku limenelo adali Cândido. Aka kadali koyamba komanso komaliza kuvala yunifolomu ya dziko lake ngati wosewera.

Mu 1926 adapatsidwa udindo wophunzitsa timu ya dziko, ali ndi zaka pafupifupi 30. Tikumbukire kuti nthawiyo mpikisano wa World Cup kudalibe, poti udayamba mu 1930, ndiye mpikisano waukulu wa mpira padziko lonse udali wa Olimpiki. Mu 1928 adapita ndi anyamata ake ku Amsterdam. Pa masewero oyamba Chile idawamwetsa zigoli ziwiri koyambirira kwenikweni, koma adabweza moto napambana 4 kwa 2. Kenaka adagonjetsa Yugoslavia 2 kwa 1, nadzatulutsidwa ndi Egypt, dziko la kuno ku Africa, 2 kwa 1 m'ndime ya makotafainolo. Kwa dziko limene lidayamba mpira wa mayiko zaka zisanu ndi ziwiri zokha m'mbuyomo, kufika pamenepa kudali kwakukulu, ndipo padapita zaka 38 Portugal isadachitenso zoposa izi, kufikira 1966 pamene Eusébio wobadwira ku Mozambique adaifikitsa pa nambala 3 ku World Cup.

Chimene chidamusiyanitsa ndi aphunzitsi ambiri a nthawi yake nchakuti ankakhulupirira kuti mpira ndi phunziro loti munthu angalilembe, kuliwerenga ndi kulifotokozera wina. Adalemba mabuku angapo a luso ndi kayalidwe ka osewera pabwalo, ndipo lina mwa iwo lidali la dongosolo lotchedwa WM. Dongosololi lidatchuka ndi Herbert Chapman ku Arsenal lamulo la ofusayidi litasinthidwa mu 1925. Kale wosewera wakutsogolo ankayenera kukhala ndi adani atatu pakati pa iye ndi mzere wa golo. Lamulo latsopano lidachepetsa kukhala awiri, ndipo zigoli zidachuluka. Pofuna kutseka mpatawo, Chapman adabweza wosewera mmodzi wapakati kuti azitchinga kumbuyo. Zotsatira zake zidali otchinga atatu, awiri patsogolo pawo, awiri olumikiza, ndi atatu kutsogolo, ndipo ukawajambula papepala amapanga zilembo W ndi M. Cândido adali mmodzi mwa amene adafotokozera Apwitikizi zimenezi m'chinenero chawo, kuti mphunzitsi wa katimu kakumudzi amene sadapondeko ku London athe kumvetsa.

Adabwereranso ku timu ya dziko mu 1935, dziko litasintha. António de Oliveira Salazar adali atakhazikitsa boma lake lopondereza lotchedwa Estado Novo mu 1933, boma lomwelo limene linkalamuliranso abale athu a ku Tete ndi ku Angónia mpaka 1974. Nyuzipepala zinkayamba zawerengedwa ndi akuluakulu a boma zisadasindikizidwe, ndipo apolisi achinsinsi, PVDE, amene pambuyo pake adatchedwa PIDE, adali ndi makutu paliponse. Ngakhale bwalo la mpira silidapulumuke. Mu Januwale 1938, timu ya Cândido isadayambe kusewera ndi Spain ku Lisbon, osewera adauzidwa kukweza mkono monga ankachitira otsatira a Mussolini ndi Hitler. Mariano Amaro ndi José Simões adakweza mkono atakunga chibakera, ndipo apolisi adawatenga kukawafunsa mafunso. Mu Meyi chaka chomwecho Portugal idalephera kupita ku World Cup itagonja kwa Switzerland 2 kwa 1 ku Milan.

Mpira sudali ntchito yomudyetsa. Cândido adali wamkulu ndithu mu dipatimenti ya makalata, matelegalamu ndi matelefoni. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse Portugal sidalowerere mbali iliyonse, koma padali mantha akuti asilikali a Germany akhoza kudutsa ku Spain nkulanda dzikolo. Angelezi, kudzera m'bungwe lawo lachinsinsi la SOE, adayamba kusonkhanitsa Apwitikizi oti adzalimbane ndi adaniwo mobisa ngati atalowa. Munthu wodziwa mmene makalata ndi mauthenga amayendera m'dziko lonse adali wofunika kwambiri pa ntchito yotere, ndipo Cândido adavomera kulowa nawo. Adali ndi zambiri zoti ataye: ntchito yabwino ya boma, udindo wa mphunzitsi wa timu ya dziko, ndi ulemu umene mwana wa ku Casa Pia adauvutikira zaka zambiri.

Gululo lidaululika. Mu Malichi 1942 apolisi a PVDE adamugwira, nam'menya mpaka kumugulula mano. Mngelezi amene ankatsogolera ntchitoyi ku Lisbon, John Beevor, adangobwezedwa kwawo, koma Apwitikizi amene adagwira naye ntchito ndiwo adalipira. Cândido adachotsedwa ntchito ndipo adatumizidwa ku Tarrafal, ndende imene boma la Salazar lidatsegula mu 1936 pa chilumba cha Santiago ku Cape Verde. Kumeneko kudali malungo, madzi oipa ndi mankhwala osowa. Kudalinso kachipinda ka simenti kopanda mawindo enieni kotchedwa frigideira, kutanthauza chiwaya chokazingira, mmene ankatsekeramo akaidi pa dzuwa lootcha. Akaidi 32 adafera kumeneko pakati pa 1936 ndi 1954, ndipo mmodzi mwa iwo, Bento Gonçalves, mtsogoleri wa chipani cha chikomyunizimu, adamwalira mu Sepitembala 1942 Cândido ali komweko. Iye adakhalako pafupifupi miyezi 18, nabwerera ku Portugal mu 1944.

Adatuluka ali ndi zaka 47, wopanda ntchito, ndipo dzina lake lili m'mabuku a apolisi. Munthu wina akadangodzikhalira phee. Koma pa 29 Januwale 1945, pamodzi ndi António Ribeiro dos Reis ndi Vicente de Melo, adatulutsa kope loyamba la A Bola, nyuzipepala ya zamasewero imene ikutulukabe mpaka lero. Poti adali mkaidi wa ndale, dzina lake silikadaloledwa kukhala la mkulu wa nyuzipepalayo, choncho padalembedwa la munthu wina. Ntchito yophunzitsa atolankhani achinyamata kulemba za mpira mozama, osangoti uje wachinya, idali yake.

Ku bwalo nakonso adabwerera. Ndi Sporting ya ku Lisbon adatenga chikho cha Taça de Portugal mu 1946, kenaka ligi ndi chikho mu 1948, ndi liginso mu 1949. Iyi idali timu ya osewera asanu akutsogolo amene adapatsidwa dzina loti Cinco Violinos, mavayolini asanu, chifukwa cha kumvana kwawo: Jesus Correia, Vasques, Peyroteo, Travassos ndi Albano. Fernando Peyroteo, wobadwira ku Angola, adachinya zigoli 331 pa masewero 197 a ligi. Womuthandiza Cândido pa timuyi adali Fernando Vaz, mwana winanso wa ku Casa Pia, amene pambuyo pake adadzakhala mmodzi mwa aphunzitsi otchuka a ku Portugal.

Sikuti kulikonse kumene adapita zinkamuyendera. Mu 1950 adawoloka nyanja kukaphunzitsa Flamengo ya ku Rio de Janeiro, koma sadakhalitse. Ali ku Porto adafika mu fainolo ya chikho mu 1953, ndipo Benfica idawakwapula 5 kwa 0. Zaka zake zomaliza adazithera ku Académica ya ku Coimbra, timu ya ophunzira a payunivesite, yopanda ndalama zogulira akatswiri, kumene wosewera ankayenera kusamala mabuku ndi mpira womwe. Kwa munthu amene sukulu idamutola ali wamasiye, malo amenewa adali omuyenera.

Mu Juni 1958 adapita ku Sweden kukalembera A Bola nkhani za World Cup. Adadwala matenda a m'mapapo ali komweko, ndipo adamwalira ku Stockholm pa 23 Juni, ali ndi zaka 61. Patangopita masiku asanu ndi limodzi Brazil idagonjetsa Sweden 5 kwa 2 mu fainolo, mnyamata wa zaka 17 dzina lake Pelé atachinya ziwiri.

Tikawerenga zikho zokha, aphunzitsi ambiri a ku Portugal amene adabwera pambuyo pake adamuposa kutali. Koma iwowo adapeza njira yolambulidwa kale: mabuku a mpira m'chinenero chawo, nyuzipepala yokambirana za luso, ndi chizolowezi choti mphunzitsi wa timu ndi munthu wowerenga ndi wofotokoza. Ife amene timakonda kuyesa munthu ndi zimene wapambana tili ndi funso pano, la zimene munthuyo adalolera kutaya ndi zimene adasiyira ena.

Padali buku limodzi limene Cândido sadalione litasindikizidwa. Adalemba zonse zimene adaona ku ndende ija, koma m'nthawi ya Salazar palibe akadayerekeza kuzitulutsa. Buku lake, Tarrafal, o Pântano da Morte, kutanthauza kuti Tarrafal, dambo la imfa, lidatuluka mu 1974, boma lopondereza litagwa pa 25 Epulo chaka chimenecho, mwini wake atagona m'manda zaka 16.