Chilembwe anafera kwathu kuno, koma manda ake ali kuti?

Ife a ku Thuchila kuno timakonda kunena kuti John Chilembwe ndi wa ku Chiradzulu, basi nkhani yathera pomwepo. Komatu mbusayu anafera m'boma lathu lomwe lino la Mulanje, ndipo mpaka lero palibe chiliza choti nkuloza kuti wagona apa.

Anabadwa cha m'ma 1871. Mu 1892 analowa ntchito ya pakhomo kwa mmishonale Joseph Booth, yemwe mu 1897 anamutengera ku America. Ataphunzira zaubusa ku Lynchburg, anabwerako mu 1900 nkutsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe. Zimenezi ana asukulu mumaloweza kale, sindichedwapo.

Chomwe aphunzitsi amangodutsapo ndi nkhondo. Pa 9 September 1914 asilikali a King's African Rifles anamenyana ndi Majeremani ku Karonga. Mbali zonse ziwiri ambiri mwa omwe anagwa anali anthu akuda, pa mkangano woyambira ku Ulaya. Mwezi wa November Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. Mfundo yake inali yoti olemera ndi eni minda akamenye okha nkhondo yawoyo, m'malo motuma amphawi omwe akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana, ndiponso pa nthawi ya mtendere sawerengeredwa kanthu. Boma la atsamunda linaletsa kalatayo. Kwa ine pepala limeneli nlolemera kuposa mikondo yomwe inadza pambuyo, chifukwa munthuyu anaonera patali: pofika 1918 amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anali atasenzapo katundu wa nkhondo ngati amtengatenga, ambiri mochita kugwidwa.

Usiku wa pa 23 January 1915 anthu ake anaukira. Ku Magomero anapha William Jervis Livingstone, bwana wa esiteti ya A.L. Bruce, wodziwika ndi thangata komanso kutentha matchalitchi a PIM. Ku Mandala anakathyola nkhokwe ya zida koma anangopatako mfuti zochepa. Patapita masiku atatu mishoni ya Akatolika ku Nguludi inatenthedwa, ndipo apa ine sindiombera m'manja ayi. Sabata ziwiri sizinakwane, zonse zinali zitazima. Pa 3 February apolisi, akuda anzake, anamuombera akuthawira ku Mozambique. Mtembo anauika mwachinsinsi, tchalitchi lake lalikulu la njerwa nkuliphulitsa.

Tsono tayendani muone. Ku Karonga azungu ofera nkhondo ija ali m'manda osesedwa bwino, maina olembedwa pamwala. Ku Zomba kuli nsanja ya wotchi yokumbukira asilikali a KAR. Ku Mbombwe kuli chipilala, ndi tchalitchi lomangidwa Dr Daniel Malikebu atatsegulanso mishoniyo mu 1926. Ngakhale ku London, chiboliboli cha Chilembwe atavala chipewa, chopangidwa ndi Samson Kambalu, chinaima pa Trafalgar Square kuyambira 2022 mpaka 2024. Nanga kuno komwe magazi anagwera? Zii.

Inu a geni mumamugwira tsiku ndi tsiku pa K500 ndi K2,000, mwinanso kumupinda ndi manja a mafuta a chipisi. Kuchoka pano, minibasi ya msewu wa Midima imakutulani pa Nguludi Turn-off, kwinako nkwa kabaza. Pa 15 January ku Mbombwe kumadzaza akuluakulu a boma ndi makwaya, ndiye wofuna kuona malowo bwinobwino asankhe tsiku lina.