Ibn al-Baytar ndi duwa lochiza komanso lopha

Lero ndikufuna tikumbukire Ibn al-Baytar, Allah amuchitire chifundo, katswiri wa mankhwala a zitsamba yemwe anabadwira ku Malaga cha m'ma 1197.

Ataphunzira ku Seville kwa Abu al-Abbas al-Nabati, ananyamuka cha m'ma 1220 n'kuyenda Kumpoto kwa Africa akutola zomera, mpaka Sultan al-Kamil wa ku Egypt anamuika kukhala mkulu wa akatswiri a zitsamba. Buku lake lalikulu, al-Jami, lili ndi mankhwala ndi zakudya pafupifupi 1,400. Chomwe chimandigwira mtima ine si kuchulukako ayi, koma kalembedwe kake. Akatenga mfundo kwa Dioscorides kapena Galen, ankatchula mwini mfundoyo. Akaona kuti akalewo anasokoneza chomera china ndi chinzake, ankakonza, chifukwa zomera zambiri anaziona yekha pomwe zimamera.

Tengani chitsanzo cha suranjan, duwa lomwe asing'anga a nthawi yake ankachizira gout, nyamakazi yotupitsa mfundo ija. Iwo ankangoona kuti wodwala wapeza bwino. Mu 1820, Pelletier ndi Caventou a ku France anapatula mankhwala a m'duwali, colchicine, ndipo lero tikudziwa zomwe amachita. Timibulu ta uric acid tikaunjikana mu mfundo, maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi aja, amathamangirako mwaunyinji, ndiye kutupa ndi ululu. Colchicine amamata timitengo tating'onoting'ono ta m'kati mwa maselowa, motero amalephera kuyenda bwino komanso kukakamira ku makoma a mitsempha ya magazi. Kutupa kotereku kumachitikanso m'mitsempha yomwe yaunjikana mafuta, n'chifukwa chake mu 2023 dziko la America linavomereza colchicine wa 0.5 mg patsiku kwa ena odwala mtima.

Taonani muyezowo: theka la miligalamu basi. Kupyoza muyezo, duwa lomwelo limatsekula m'mimba, limawononga mafuta a m'mafupa omwe amapanga magazi, ndipo limapha. Ndiye ndikaona mauthenga a pa WhatsApp oti imwani chakuti, n'chachilengedwe sichipweteka, opanda dzina la wolemba, opanda muyezo, mtima wanga umachita thii. Bambo uyu sakanalemba choncho.

Ku Damascus ankatuluka kunja kwa mzinda ndi wophunzira wake Ibn Abi Usaybi'a, akuzindikira zomera chimodzichimodzi. Anamwalirira komweko mu 1248.