John Buchanan, Mmisiri wa Nyumba ya Masongola

Ana a sukulu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amamdziŵa bwino Harry Johnston, koma ndi oŵerengeka amene adamvapo za munthu amene adamanga nyumba imene Johnstonyo ankalamuliramo dziko lino. Munthuyo ndiye John Buchanan wa ku Scotland, katswiri wa zaulimi, wobadwa m'chaka cha 1855.

Iye adafika ku Blantyre pamodzi ndi amishoni mu 1876. Mbiri yake ili ndi banga, pakuti mu 1881 adamchotsa ntchito chifukwa cha nkhanza zokwapula anthu akuda pamishonipo. M'malo mobwerera kwawo, adakhazikika ku Zomba naayamba kulima khofi ndi nzimbe m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi.

Kumeneko, mu 1886, adamangira kazembe Hawes nyumba ya njerwa yokhala ndi nsanja ziŵiri zosongoka, zimene zidapatsa nyumbayo dzina loti Masongola. Mu 1889, chaka chomwe Murray ndi Vlok adayamba mishoni ya Mvera m'dziko la Chiwere, Buchanan, atagwirizira ukazembe, adalengeza kuti dera la Shire lili m'manja mwa Angerezi pofuna kutsekereza Apwitikizi. Eni nthakawo sadafunsidwe mokwanira.

Johnston adaloŵa m'nyumbayo mu 1891, ndipo msonkho wa nyumba, umene pambuyo pake udakwera mpaka kumapiri kuno, udakonzedwa ku Zomba komweko. Buchanan adamwalira ndi malungo ku Chinde mu 1896, ali paulendo wopita kwawo.